Mpira woyera wa pool umaimiranji ukagunda unzake?

FUNSO: Aphunzitsi, ndimasewera pool madzulo ndikaweruka kuntchito. Ndikalunjikitsa mpira woyera pakati penipeni pa unzake, woyerawo umaima pomwepo, winawo n'kumathamanga. Koma nthawi zina ndimenya chimodzimodzi, woyera n'kutsatira mpaka kulowa nawo m'dzenje. Mnzanga akuti tebulo ndi lopendekeka. Kodi akunena zoona? Ndine wowerenga wa ku Mponela.

YANKHO: Achimwene, tebulolo musalinamizire. Likanakhala lopendekeka, bwenzi mipira yonse ikukhotera mbali imodzi.

Chinthu chilichonse choyenda chili ndi momentum, kutanthauza kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro lake. Zinthu ziwiri zikagundana, momentum ya zonse pamodzi siichepa ndipo siiwonjezereka, imangochoka kwa china kupita kwa chinzake. Mipira ya pool ili ndi khalidwe linanso. Ngakhale imaoneka yolimba gwa, ikagundana imafinyika pang'ono kwambiri pamalo okhudzanawo, kenaka n'kubwerera m'chimake. Zonsezi zimatha gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi lisanakwane. Heinrich Hertz wa ku Germany ndiye analongosola masamu a kufinyika kumeneku mu 1882. Pobwerera m'chimakemo, mpira umabweza pafupifupi mphamvu yonse imene inaufinya. Yotayika ndi yochepa, ndipo ina mwa iyo ndi ija mumaimva kuti "kha!"

Tsono mipira iwiri yolemera mofanana ikagundana molunjika, njira yosunga momentum ndi mphamvu zonse pamodzi ndi imodzi yokha: kusinthana liwiro. Woyera umatenga liwiro la unzake uja, lomwe linali ziro, ndiye umaima. Nkhaniyi ndi yakale. Mu 1668 bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society ku London linafunsa za malamulo a kugundana, ndipo John Wallis, Christopher Wren ndi Christiaan Huygens anayankha aliyense payekha.

Nanga kutsatira kuja? Pamenepo pali dzanja lanu. Kugundana kumachotsa liwiro lopita kutsogolo, koma kuzungulira kwa mpira sikumakuchotsa. Ngati woyera wafika ukugubuduzika, umaima kanthawi kosaoneka ndi maso uku ukuzungulirabe, nsalu ya patebulo n'kuugwira, basi wauyambanso ulendo. Mukamenya pamwamba pa mpira zimatero. Zimateronso mukamenya pakati koma mofatsa kapena muli patali, chifukwa mpira umayamba ndi kutsetsereka, kenaka nsalu imauyambitsa kugubuduzika usanafike. Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene mukumagwera. Mukakhala patali, tsitsani ndodo pang'ono pansi pa pakati ndipo mumenye mwamphamvu, kuti woyera ufike ukutsetsereka. Mukatsitsa kwambiri, ubwerera kwa inu.

Yang'ananinso mpira woyerawo. Pa matebulo ena oponya ndalama, woyera amaupanga wocheperako kuti ukalowa m'dzenje uzitulukira kwina, osatsekeredwa pamodzi ndi inzake. Mpira wopepuka ukagunda wolemera suima ndendende, umabwerera m'mbuyo pang'ono. Amene anazolowera tebulo lotere amavutika akapita pa lina.

Mukafuna kuona mbali ina ya nkhaniyi, ponyani chikulunga pa simenti. Chimangoti phi, osanjanja, chifukwa mapepala a pulasitiki aja amakhulana mkatimo ndipo mphamvu imasanduka kutentha m'malo mobwerera. Kampira ka table tennis mukakagwetsa pa tebulo lake kuchokera pa masentimita 30, kamadumpha masentimita pafupifupi 23, ndipo malamulo a masewerawo amafuna zimenezo.

Mawa mukayese ichi. Menyani woyera ukutsetsereka, ugunde unzake cham'mbali osati pakati, ndipo muone njira zimene iwiriyi itenge. Zidzapanga ngodya ya madigiri pafupifupi 90, ngati kona ya tebulolo. Musanamenye, yesani ndi maso: ngati mzere wa ngodya imeneyo ukuloza dzenje, sinthani kamenyedwe, apo ayi mnzanu uja alandira mwayi waulere.