Funsani Wojambula: Ndinatumiza chithunzi kunyuzipepala koma angoti zii

FUNSO

Bambo, ine ndine mayi, mphunzitsi, ndipo ndikapeza mpata ndimakonda kujambula zithunzi. Ndili ndi foni komanso kamera yakale imene ndinagula kwa mnzanga. Mwezi wathawu ndikuweruka, chimphepo chinasasula denga la holo ina, ndipo ndinajambula bambo wina akutuluka atanyamula mwana, malata ali mbwee pansi. Nditafika kunyumba ndinachikonza bwinobwino, n'kufufutamo pholo la magetsi limene linkaoneka ngati lamera pamutu pa bamboyo. Patapita masiku awiri ndinachitumiza pa WhatsApp ku nyuzipepala ina yaikulu, koma mpaka lero sanandiyankhe. Kodi n'chifukwa choti ndilibe satifiketi ya utolankhani kapena kamera yodula? Chinanso, nditachiika pa Facebook, munthu wa nyuzipepala ina analemba kuti akufuna kuchigwiritsa ntchito ndipo adzaikapo dzina langa. Ndivomere?

Mphunzitsi wokonda kamera

YANKHO

Achemwali, za satifiketi ndi kamera yodulazo zichotseni m'mutu. Mu 1953 mayi wina dzina lake Virginia Schau anali pa ulendo wokawedza ndi abale ake ku California pamene lole inagumula zitsulo za m'mbali mwa mlatho wa Pit River, mutu wake n'kutsala lendelende m'malere, amuna awiri ali momwemo. Anthu akulimbana ndi chingwe kuti awapulumutse, mayiyu anatenga Kodak Brownie, kakamera kotchipa kangati bokosi, kamene filimu yake inangotsala ndi malo a zithunzi ziwiri. Bungwe lotumiza nkhani ndi zithunzi ku nyuzipepala la Associated Press linafalitsa chithunzi chakecho, ndipo mu 1954 anakhala mayi woyamba kulandira Pulitzer, mphoto yapamwamba ya utolankhani ku America, pa ntchito yojambula. Sanali mtolankhani. Nayenso Charles Porter, amene pa 19 Epulo 1995 anajambula wozimitsa moto atanyamula khanda bomba litaphulika ku Oklahoma City, anali wogwira ntchito kubanki. Koma taonani zimene iye anachita: anakatsukitsa filimu tsiku lomwelo, n'kukapereka zithunzizo ku Associated Press tsiku lomwelonso, ndipo m'mawa mwake zinali pa masamba oyamba a nyuzipepala m'mayiko ambiri.

Apa m'pamene inu munayambira kutsalira. Nkhani ili ngati mame, dzuwa likangokwera yauma. Masiku awiri amene munakhala musanatumize chithunzicho, nyuzipepala inali italemba kale za chimphepocho ndipo inali pa nkhani zina.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri m'kalata yanu ndi pholo lija. Ndikumvetsa chifukwa chake munalichotsa, linkaipitsadi chithunzi, ndipo aliyense wokonda kujambula amanyansidwa ndi chinthu chomera pamutu pa munthu. Komabe chithunzi cha m'nyuzipepala ndi umboni. Chimauza wowerenga kuti izi ndi zimene zinalipo pamalopo, pa nthawi imeneyo. Mungathe kuchidula m'mbali, kuchiwalitsa pang'ono kapena kukonza mtundu ngati kamera inaupotoza. Kuchotsamo chinthu kapena kuikamo chimene panalibe, ayi ndithu, ngakhale kachingwe kamodzi. Mu 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times inachotsa ntchito wojambula wake Brian Walski chifukwa anaphatikiza zithunzi ziwiri za msilikali wa ku Britain ndi anthu wamba ku Iraq kuti chituluke chimodzi chooneka bwino. Zonse ziwiri anajambula yekha, motsatizana, pamalo amodzi, koma ntchito inatha basi. Ngati anachita zimenezi kwa munthu wawo, nanga kwa inu amene sakukudziwani? Pholo likakusokonezani, sunthani phazi musanajambule.

Ndakhalapo pa tebulo losankhira zithunzi, ndiye ndikuuzeni zimene zimachitika madzulo tsamba likudikira. Mkonzi amatsegula chithunzi chanu n'kuchikulitsa pa kompyuta. Ngati chabwera pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, nkhope ya bambo uja imasanduka timabokositimabokosi, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi. Amayang'ananso zimene kamera imalemba yokha mkati mwa fayilo, zotchedwa EXIF: tsiku, ola, mtundu wa kamera. WhatsApp imafufuta zimenezinso, kupatula ngati mwatumiza chithunzicho monga Document, njira yotumizira fayilo mmene ilili. Ndiye pamaso pake pali chithunzi chosaoneka bwino, chopanda tsiku, chochokera pa nambala yachilendo, kumwamba kuli kachipsera koonetsa kuti wina wafufutapo kanthu. Masiku ano pamene kompyuta ikutha kupanga chithunzi cha ngozi imene sinachitike n'komwe, iye sangaike dzina la nyuzipepala yake pachiswe. Alibenso nthawi yokufotokozerani, amangotsegula china.

Tumizani fayilo yeniyeni mmene yatulukira mu kamera, pa imelo. Ndipo isapite yokha. Lembani ziganizo ziwiri zonena kuti ali pachithunziyo ndani, akutani, kuti, liti. Mayina muwafunse kwa eni ake ndipo muwalembe molondola. Mukanamutsatira bambo uja zinthu zitakhazikika, n'kumufunsa dzina lake komanso ngati akulola kuti nkhope ya mwanayo ituluke, chithunzi chanu chikanakhala ndi mphamvu kuposa cha mtolankhani amene anafika mochedwa. Nkhani ya mwana musaitenge mopepuka, makamaka akakhala kuti wavulala. Pomaliza ikani dzina lanu, nambala ya foni ndi mawu oti munajambula ndinu, kenako imbani foni ku nyuzipepalako, mufunse mkonzi wa zithunzi kapena wa nkhani, mumuuze kuti mwatumiza. Foni yanu ikhale yoyaka, chifukwa akachifuna amakhala ndi mafunso, ndipo mukapanda kuyankha amapitirira.

Tsopano za munthu wa pa Facebook uja. Chithunzicho ndi chanu kuyambira pamene munadina batani. M'mayiko amene ali mu pangano la Berne loteteza umwini wa zolemba ndi zojambula, lomwe linayamba mu 1886, simufunika kuchilembetsa kulikonse kuti umwini ukhale wanu. Kuchiika pa intaneti sikupatsa nyuzipepala ufulu wochitenga. Daniel Morel anaika pa Twitter zithunzi za chivomezi cha ku Haiti mu 2010, mabungwe ofalitsa nkhani ndi zithunzi a AFP ndi Getty Images anazifalitsa popanda chilolezo chake, ndipo mu 2013 khoti la ku New York linagamula kuti amulipire madola 1.2 miliyoni.

Kuikapo dzina lanu si malipiro, ndi chinthu choyenera kuchitika kale. Ine ndingakonde kuti mufunse, mwaulemu koma mosachita manyazi, kuti amalipira zingati anthu akunja otumiza zithunzi. Nyuzipepala zikuluzikulu zimakhala ndi mitengo yake, kungoti sizithamangira kuitchula kwa munthu amene sanafunse. Mukaona kuti kutuluka koyamba kukuthandizani ngakhale popanda ndalama, ndi ufulu wanu, sindingakudzudzuleni. Chimene ndingakuletseni ndi kuvomera ndi liwu limodzi pansi pa ndemanga. Akulembereni pa imelo kuti achigwiritsa ntchito kamodzi kapena kangapo, papepala kapena pa intaneti pomwe, ndiponso ngati adzachipereke kwa ena. Akafuna kuti chikhale chawo chokha kwa masiku angapo, mtengo ukwere. Pepala lonena kuti mwapereka umwini wonse musalisainire, pokhapokha ndalama yake ikukukhutiritsani, chifukwa mukatero ngakhale inu mwini simungachigulitsenso.

Ndipo muwauze za pholo lija musanagwirizane chilichonse. Atumizireni fayilo yoyambirira, pholo lili pomwepo, mufotokoze kuti chimene anaona pa Facebook chinali chokonzedwa. Ngakhale padutsa mwezi, angachifunebe pa nkhani yotsatira, monga ya kukonzanso holoyo kapena ya mmene ovulala akupezera. Ngati pa tsikulo munajambula zina, monga denga lonse likuonekera patali ndi anthu akutola malata, sankhanipo zitatu kapena zinayi zabwino mutumize limodzi, chimodzi choimirira chikhalepo, poti simudziwa kuti pa tsamba patsala malo otani.