Fizi ikamalowa m'thumba la mpingo, silabasi siitha

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina, mkulu wa mpingo, amene wangosankhidwa kukhala wapampando wa bodi ya sukulu ya pulayimale ya mpingo wawo. Akuti fizi imalowa mu akaunti ya mpingo, aphunzitsi amalembedwa ntchito ndi abusa, malipiro amachedwa, ndipo chaka chatha ana a Sitandade 8 analemba mayeso silabasi isanathe. Funso lawo ndi lakuti: "Ndiyambire pati, koma osayambana ndi abusa?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba. Mavuto mwatchulawa ndi olumikizana, ndipo gwero lake ndi lakuti pasukulu panupo palibe amene akudziwa pomwe mphamvu zake zikulekezera.

Yambani ndi ndalama. Taonani mmene zimayendera. Makolo alipira fizi teremu ikamayamba, ndalamazo zasakanikirana ndi zachakhumi ndi zopereka. Kenaka denga la tchalitchi layamba kudontha kapena kwabwera msonkhano waukulu, wina n'kunena kuti tibwerekeko kaye za sukulu, tibweza. Palibe amene waba. Koma mwezi ukatha mphunzitsi wa masamu sanalandire, landilodi akumulondola, ndiye pakati pa teremu yachiwiri wapeza ntchito kwina. Makalasi awiri aphatikizidwa, mitu ingapo yadumphidwa, ndipo zotsatira zake mwaziona m'mayeso. Choncho sukulu ikhale ndi akaunti yakeyake, osayinira atatu, ndipo ndalama zizituluka pokhapokha awiri asayina. Wolandira ndalama asakhalenso yemwe akugula zinthu. Makolo azilipira kubanki, kapena pa Airtel Money ndi Mpamba ku nambala ya sukulu, osati ya munthu, ndipo lisiti lililonse likhale ndi nambala. Ngati mpingo ukufuna kuti sukulu izithandizako, palibe cholakwa, koma mugwirizane kuchuluka kwake, mulembe, ndipo ziziperekedwa aphunzitsi atalandira kale. Mu bajeti musaiwale msonkho wa PAYE wopita ku MRA ndi penshoni, yomwe olemba ntchito amaikapo 10 peresenti, wantchito 5 peresenti.

Za abusa tsopano. Musakawadzidzimutse pamsonkhano. Kawaoneni kaye panokha, muwafotokozere kuti mukufuna kuteteza dzina lawo ndi la mpingo, chifukwa tsiku limene ndalama zidzasokonekere, anthu adzaloza iwowo chala ngakhale asanakhudzeko tambala. Mukamvana, nkhaniyo ipite ku bwalo la akulu ampingo, ndipo mulembe malamulo a masamba awiri kapena atatu basi. Mpingo ndiye mwini sukulu, umasunga chiphunzitso ndi kusankha bodi. Bodi imavomereza bajeti, imalemba ntchito aphunzitsi itawafunsa mafunso ndi kuona mapepala awo, ndiponso imalandira lipoti teremu iliyonse. Mphunzitsi wamkulu amayendetsa sukulu tsiku ndi tsiku. Abusa akhale ndi mpando m'bodi komanso aziweta ana ndi aphunzitsi pa zauzimu. Wachibale wa membala wa bodi akafunsira ntchito, membalayo azituluka panja pokambirana. Onaninso ngati sukuluyo inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro monga lamulo la maphunziro la 2013 likufunira.

Pa nkhani ya silabasi ndipempha mundimvetse bwino, chifukwa apa ndi pamene sukulu zathu zachikhristu zimadzinamiza. Silabasi imakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso amachokera ku MANEB, ndipo mwana wanu adzakumana ndi mapepala omwewo amene akulemba mnzake wa sukulu ya boma: Chichewa, Chingerezi, masamu, sayansi ndi enawo. Mapemphero am'mawa ndi ofunika, ineyo sindingawachotse. Koma akaikidwa mphindi 15 n'kumatha mphindi 40, amene amalipira ndi piriyodi yoyamba, ndipo nthawi zambiri imeneyo imakhala ya masamu kapena Chingerezi. Kholo limene lagulitsa chimanga kuti lilipire fizi tikuyenera kulichitira chilungamo, ndipo chimenechonso ndi chikhristu. Belu likalira, ngakhale mlaliki ndi mlendo wolemekezeka, ana azipita m'kalasi.

Nanga mungadziwe bwanji kuti ana akuphunziradi? Pemphani mphunzitsi wamkulu kuti pamsonkhano wa bodi abwere ndi sikimu (ndondomeko ya mitu yophunzitsa sabata iliyonse) ya kalasi imodzi pamodzi ndi makope a ana atatu: wokhoza bwino, wapakatikati, ndi uja amakhala kumbuyo osalankhula. Tsegulani sikimu pa sabata yachisanu ndi chimodzi, muone mutu umene walembedwa kuti waphunzitsidwa. Kenaka tsegulani makopewo, muyang'ane madeti. Ngati sikimu ikuti afika pa mutu wina koma m'makope ntchito yomaliza ndi ya masabata atatu apitawo, yosachongedwa n'komwe, mwapeza kuti ana atsalira nthawi yokonza ikadalipo. Izi sizifuna digiri. Koma a bodi asamalowe okha m'makalasi kukayendera aphunzitsi, imeneyo ndi ntchito ya ahedi, ndipo mukawalanda aphunzitsi adzasiya kuwamvera.

China chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi aluso onse timawaunjika ku Sitandade 8 pofuna kutchuka ndi zotsatira, Sitandade 1 ndi 2 n'kusiyira aliyense amene wapezeka. Kuwongola mtengo ndi uli waung'ono. Mwana amene wafika Sitandade 4 asakutha kuwerenga bwino, makalasi a masana ndi a pa holide sadzamupulumutsa. Mmodzi mwa aphunzitsi anu odalirika apite kumunsiko, ndipo mu lipoti la teremu muzifunsa kuti ndi ana angati a Sitandade 2 amene akutha kuwerenga kankhani kakafupi ka Chichewa mokweza.

Simuli nokha pantchitoyi. Mlangizi wa zamaphunziro wa zoni yanu, uja timati a PEA, amapezeka ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amachitirako maphunziro awo; muitaneni adzaone sukuluyo. Funsaninso buku la National Education Standards la 2015, lomwe lili ndi miyezo 26 yoyezera sukulu, mugawane ndi anzanu a m'bodi. Bungwe la ACEM limasonkhanitsa sukulu za mipingo, la ISAMA sukulu zoyima pazokha, ndipo kumeneko mukapeza ena amene anadutsa kale njirayi.

Za akaunti ija, yesetsani kuti itsegulidwe pa holide, makalata odziwitsa makolo apite sukulu isanatsegulire. Fizi ya teremu ikangolowa kumene imalowa kale, mudzadikiranso miyezi itatu.