Kodi a Tanzania akonzeka kulandira AFCON ya 2027?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene amagulitsa kachewere pa Lizulu. Akuti ayamba kusunga kangachepe kuti mu 2027 adzakwere basi, kudutsa pa Songwe, akaonere ku Dar es Salaam AFCON, mpikisano wa mpira wa matimu a maiko a mu Africa, umene Kenya, Uganda ndi Tanzania adzachititse limodzi. Funso lawo: "Kodi maiko atatuwa akonzekadi, kapena ndalama zanga ndigulire feteleza?"

Bambo, nkhawa yanu ndaimva. CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, idapereka mpikisanowu kwa Kenya, Uganda ndi Tanzania mu 2023, koma CAF yomweyo ikaona zinthu zikuchedwa imalanda. Idalanda Cameroon wa 2019 nkuupereka kwa Egypt. Idalanda Guinea wa 2025 nkuupereka kwa Morocco. Kenya ndiye mbiri yake pankhaniyi njosaoneka bwino: AFCON ya 1996 idathera ku South Africa, CHAN (mpikisano wa osewera a m'maligi a maiko awo okha) ya 2018 idapita ku Morocco. Ngakhale CHAN imene maiko atatuwa adachititsa limodzi idayenera kuyamba mu February 2025, koma idasunthidwa kufika August chifukwa mabwalo anali asanathe.

Komabe CHAN ija idachitika, anthu adadzaza mabwalo. Kwa inu amene mukuloza ku Dar es Salaam, mtima ukhale pansi pang'ono, poti bwalo la Benjamin Mkapa, lolowa anthu 60,000, lilipo kale ndipo lazolowera masewero akuluakulu.

Chimene ine ndimayang'ana poyesa kukonzeka ndi zipata. Matimu 24 amafuna mabwalo asanu ndi limodzi, malo ochitira tirening'i, mahotela, magetsi osathimathima ndi kapinga wabwino, ndipo zonsezi ndalama ikakhalapo zimatheka. Koma kulowetsa anthu masauzande pachipata popanda kupondana, imeneyo ndi ntchito ina. Ife Amalawi tikuidziwa. Pa 6 July 2017 anthu 8 adafa pachipata cha bwalo la Bingu ku Lilongwe, bwalo latsopano lenileni, penti isanafwifwe. Mu January 2022 pa bwalo la Olembe, ku Cameroon, anthu 8 adafanso mopanikizana, AFCON ili mkati. Ndipo pa CHAN ija, ochemerera atathyola zipata za bwalo la Kasarani ku Nairobi, CAF idalipiritsa Kenya chindapusa nkuchepetsa chiwerengero cha olowa. Kuno ku Dedza, tsiku limene Dynamos ikulandira timu yaikulu, imani pafupi ndi chipata mpira utatsala pang'ono kuyamba, muone mmene anthu amakankhirana, wina tikiti ali nayo m'manja koma phazi silikugunda pansi. Ndiye ganizirani anthu 60,000.

Mudafunsanso, mwina mwanthabwala, ngati Malawi ingadzachititseko. Bambo, mu 2021 Flames inkasewera masewero ake "apakhomo" ku Orlando Stadium ku Johannesburg chifukwa kuno kunalibe bwalo lovomerezeka. Tiyeni tisiye pomwepo.

Ndalama sungani ndithu, koma musalipire basi kapena malo ogona mpaka CAF italengeza timu iti ikusewera kuti. Pasipoti yambani kulondola pano, musadikire chaka chomwecho. Feteleza wa chaka chino gulani kaye, poti kachewere yemweyo ndiye adzakulipirireni basi. Mukakafika ku Benjamin Mkapa, kaloweni kutatsala maola atatu.