Monita ya PS5 ndi mafilimu: yambani mwaiyang'ana kumbuyo

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene ali ndi PlayStation 5 (PS5). Chipinda chawo n'chaching'ono moti TV yaikulu ilibe poikhazika, ndiye akufuna monita yoika padesiki. Masana azilumikizako laputopu, usiku azisewera magemu ndi kuonera mafilimu. Akuti: "Ndaona ziwiri. Ina ndi yotambalala, yokhota, yolembedwa 165Hz ndi 1ms. Inayo ndi ya 4K koma ya 60Hz. Nditenge iti?"

Akulu, musatulutse kaye ndalama. Itembenuzeni monitayo muone kumbuyo, pamene pamalowa mawaya, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Manambala akuluakulu apakatoni kawirikawiri amanena zimene monita imachita ikalumikizidwa ku kompyuta kudzera pa DisplayPort, womwe ndi mtundu wina wa pobayira waya wa chithunzi. PS5 ndi makina anzake amagemu a Xbox zilibe DisplayPort. Zimatulutsa chithunzi pa waya wa HDMI basi, ndipo sizipitirira 120Hz, kutanthauza zithunzi 120 pa sekondi. Ndiye 165 uja ndi wa anzathu osewera pa kompyuta, inu mungolipira chinthu chimene maso anu sadzachiona. Choti mufunse n'chakuti pa HDMI monitayo imalandira chiyani. HDMI 2.0 imanyamula magigabiti 18 pa sekondi, okwanira 4K pa 60Hz kapena 1440p pa 120Hz (4K ndi 1440p zimanena kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, ndipo 4K ili ndi tochuluka kuposa 1440p). Kuti 4K iyende pa 120Hz pamafunika HDMI 2.1, imene imatha kufika magigabiti 48. Komanso chenjerani, pali mamonita olembedwa HDMI 2.1 amene mphamvu yake ndi yakale yomwe ija, poti malamulo amawalola opanga kulemba choncho. Tsegulani kabuku kake, mupeze mzere wonena poyera kuti pa HDMI imatha 4K pa 120Hz. Ngati mzerewo palibe, ndiye kuti siimatha.

Yotambalalayo iiwaleni. PS5 imatulutsa chithunzi cha 16:9, chooneka ngati cha TV wamba, pomwe monitayo ndi ya 21:9, yotalikirapo m'mbali. Mbali ziwiri zam'mphepete zizingokhala zakuda, kapena muchikoke chithunzicho kuti chidzaze, osewera mpira onse asanduke aafupi ndi onenepa.

Nanga 4K ndi 1440p? PS5 itangotuluka mu 2020 sinkatulutsa 1440p, koma Sony inaonjezera zimenezi mu September 2022, choncho malangizo akale oti mamonita amenewa musagule anatha ntchito. Pa sikirini ya mainchesi 27, mutakhala kutalika kwa mkono umodzi, 1440p imaoneka bwino ndithu, ndipo zilembo za pa laputopu zimawerengeka popanda kupsinya maso. Magemu ambiri mukawatchera kuti azithamanga kwambiri sajambula 4K yeniyeni, amachita kuchikulitsa chithunzicho. Magemu othamanga zithunzi 120 pa sekondi si ochuluka, koma ngati mumakonda Fortnite kapena Call of Duty, kusiyanako mudzakumva m'zala. Pa 60Hz chithunzi chilichonse chimakhala pafupifupi mamilisekondi 17, pa 120Hz chimakhala 8. Koma ngati mtima wanu uli kwambiri pa mafilimu, dziwani kuti Netflix imapereka 4K pa sikirini ya 4K yokha, yokhala ndi HDCP 2.2, njira yoteteza mafilimu kuti asakopedwe. Zikatero pitani pa mainchesi 32 a 4K, ndipo desiki yanu ikhale yotakasuka kuti muzikhala chapatali.

Za 1ms sindichedwapo. Nambalayi imanena za liwiro limene timadontho ta sikirini timasinthira mtundu, osati nthawi yochokera podina batani mpaka munthu wanu kulumpha. Ndi yokopera ogula basi. Chimodzimodzi chizindikiro cha DisplayHDR 400: monitayo imalandira HDR, chithunzi chosiyanitsa kwambiri kuwala ndi mdima, koma ilibe kuwala kokwanira ndiponso siitha kuzimitsa mbali ina ya sikirini ina ili chiyakire. Ambiri amathera pozimitsa HDR n'kuona kuti chithunzi chayamba kukongola.

Chimene ogula ambiri salabadira, chikhalirecho inu oonera usiku chikukukhudzani kwambiri, ndi mtundu wa galasi lake. IPS ili ndi mitundu yokongola ndipo ngakhale mukhale chammbali chithunzi sichisintha, koma kusiyana kwa kuwala ndi mdima kumakhala cha m'ma 1000:1. Zimitsani getsi, ikani filimu imene anthu akuyenda m'nkhalango usiku, muona mdima wotuwa, m'makona mukuyera ngati kukucha. VA imafika cha m'ma 3000:1, mdima wake ndi mdimadi, kungoti zotchipa zimasiya kamchira kakuda chinthu chikamathamanga pamalo amdima. OLED ndiye yopambana zonse, poti kadontho kalikonse kamayaka ndi kuzima pakokha. Vuto lake, kupatula mtengo, n'lakuti chinthu chokhala malo amodzi tsiku lonse, monga kamzere kam'munsi ka Windows, chitha kudindika pagalasi pakapita nthawi. Kwa munthu wogwirirapo ntchito masana onse, ine ndingaope. Ndikanakhala inu ndikanatenga VA yabwino ya mainchesi 27, ya 1440p, yolandira 120Hz pa HDMI. Amene amaonera getsi lili chiyakire, IPS iwakwanira.

Palinso VRR, imene imaletsa chithunzi kung'ambika gemu ikamapepuka ndi kulemera. Xbox imagwirizana ndi mtundu wa VRR wotchedwa FreeSync, koma PS5 imafuna VRR ya HDMI 2.1, choncho mawu akuti FreeSync okha asakunyengeni.

Tsono mawu. Apa ndi pamene ambiri amadzadandaula atafika kale kunyumba. Monita si TV: yambiri ilibe rimoti, ina ilibe masipika n'komwe, ndipo imene ili nawo amalira mopyapyala moti bomba likaphulika mufilimu mungaseke. PS5 ilibe potulukira mawu pa waya wa optical. Mahedifoni mutha kubaya pa DualSense, kontirola ya PS5, koma ngati mukufuna kuonera awiri, onetsetsani kuti kumbuyo kwa monita kuli kabowo ka mamilimita 3.5 koti mubayepo masipika. Muwerengenso ma HDMI akhale awiri, lina la PS5 lina la laputopu, kuopa kumazula waya m'mawa ndi madzulo mpaka pobayirapo pakhwepe. Ndalama imene mupulumutse posiya yokhota ija, gulirani masipika.