Buku latsopano latuluka ndipo anthu akulalata pa intaneti: tigule kapena tisiye?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Luchenza, ndipo ndaifupikitsa. Ali ndi kagulu ka anthu 9 owerenga mabuku a Chingerezi a nkhani zopeka, zija za mafumu, matsenga ndi zinjoka zolavula moto. Anawerenga kale mabuku atatu a nkhani imodzi yopitirira, ndipo lachinayi langotuluka kumene patatha zaka akulidikira. Akufunsa kuti: "Pa Facebook ndi pa Goodreads (tsamba la pa intaneti pomwe owerenga amalemba ndemanga za mabuku) anthu akulinyoza, ena akuti wolemba waononga nkhani yonse. Tisonkhe ndalama tiitanitse, kapena tingotaya ndalama? Komanso pagulu lathu la WhatsApp anthu awiri sakuyankhulana chifukwa wina anaulula munthu amene wafa m'bukumo."

Aphunzitsi, itanitsani. Phokoso la sabata yoyamba limakuuzani zambiri za anthu amene anadikirawo, pomwe za bukulo limakuuzani zochepa kwambiri.

Taganizani za nthano zathu. Agogo akati "padangotero", ana amati "tili tonse", ndipo nthanoyo imatha usiku womwewo moto usanazime. Nanga agogowo ataimira pakati, Kalulu ali m'dzenje, n'kunena kuti amaliza pakatha zaka zisanu? Mwana aliyense akhala atapeka mathero akeake, atawauza anzake, atakangana nawo ena. Tsiku lomalizalo agogo sakhala akupikisana ndi nthano ina, koma ndi mathero makumi awiri amene ali kale m'mitu ya ana. Owerenga oyamba kulemba pa intaneti ndi ana amenewo. Anagula tsiku lomwelo, n'kuchezera usiku wonse kumeza masamba 700, ndipo m'mawa analemba maganizo awo maso ali psuu.

Zoterezi si zachilendo. Buku lachisanu la Harry Potter, nkhani ya mnyamata wamatsenga, linatuluka mu June 2003, patatha zaka zitatu kuchokera pa lachinayi, ndipo dandaulo lofala linali loti mnyamatayo wasanduka waukali, wongokalipira anzake. Koma m'bukumo ali ndi zaka 15 ndipo wangoona mnzake akuphedwa. Inu amene mumaphunzitsa ana a Fomu 2 mukudziwa kuti wolemba sananame. Chitsanzo china ndi George R. R. Martin. Buku lachinayi la nkhani yake yopitirira, A Feast for Crows, linatuluka mu 2005 anthu atadikira zaka zisanu, ndipo anapeza kuti Jon Snow, Tyrion ndi Daenerys, anthu okondedwa a m'nkhaniyo, alibe mitu yawo m'menemo. Wolembayo anali atagawa nkhani pawiri, ndipo atatuwo anabwerera m'buku lachisanu mu 2011. Amene anadikira zaka anapsa mtima, ndipo n'zomveka. Koma munthu wowerenga lero mabuku awiriwo motsatizana bala limenelo salimva kwenikweni.

Sindikunena kuti onyoza onse ndi opupuluma. Mabuku ena amakhaladi oipa. Chofunika n'kudziwa kusefa madandaulo, monga mayi apetera mphale.

Pali dandaulo loti "sizinathe mmene ndimafunira": uyu wakwatira wolakwika, uyu wafa, zimene ndinalosera sizinachitike. Limeneli ndi gaga, litayeni. Munthu akalira chifukwa wina wafa m'buku, ndiye kuti wolemba anagwira ntchito yake. Pali lina loti "nkhani ikukwawa, palibe chikuchitika". Ili limvereni pang'ono. Mabuku apakati ntchito yawo yaikulu n'kusamutsa anthu ndi asilikali kuwaika pamalo pomwe nkhondo yomaliza idzawapeze, choncho amachedwa mwachibadwa. Kwa munthu wowerenga masamba 40 patsiku ataweruka kuntchito, kuchedwa kumeneku sikupweteka ngati mmene kumachitira kwa womeza buku usiku umodzi.

Dandaulo loopsa ndi lachitatu, loti wolemba waphwanya malamulo amene anaika yekha. Nkhani yamatsenga imaima pa malamulo ake. Ngakhale nkhani za mizimu ya ku Sapitwa zili ndi lamulo: ukapeza chakudya m'phirimo idya wekha, osaitana mnzako. Lamulolo ndi limene limachititsa nthumanzi. Ngati mabuku atatu anatiuza kuti matsenga aliwonse ali ndi mtengo wake, kenako m'lachinayi ngwazi yapulumuka ndi mphamvu yomwe sinatchulidwepo ndipo sinalipire kanthu, pamenepo owerenga aberedwa. Chimodzimodzi munthu wochenjera akachita chopusa popanda chifukwa, kungoti nkhani ipite patsogolo. Mukaona owerenga angapo osadziwana akutchula cholakwa chomwecho, akuloza ndi mutu wake, ndiye kuti chilipodi.

Pa Goodreads chitani motere. Nyenyezi zimayambira 1 kufika 5, koma chiwerengero chophatikiza nyenyezi za anthu onse, chomwe chimaoneka pamwamba, musachikhulupirire msanga, poti pali mabuku amene anapatsidwa nyenyezi zambirimbiri asanasindikizidwe n'komwe. Onani tsiku limene munthu analemba. Zolembedwa buku lisanatuluke zimachokera kwa amene sanaliwerenge, kapena kwa amene osindikiza anawapatsa laulere. Sankhani ndemanga za nyenyezi 3 zokha, muwerenge khumi. Anthu amenewa mtima unali m'malo, ndipo amatchula zokoma ndi zowawa zomwe. Ntchito imeneyi mupatse munthu mmodzi yekha, chifukwa si onse amene amabisa zoulula mathero. Ndipo ngati wina ali ndi pulogalamu yowerengera mabuku ya Kindle pafoni, Amazon imalola kutsitsa mwaulere chiyambi cha buku, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Masamba amenewo ndi okwanira kumva ngati mawu a wolemba akadali omwe aja.

Poitanitsa, kaya kudzera kwa achibale a ku Joni kaya kwa wogulitsa mabuku ku Blantyre, tumizani chithunzi cha chikuto ndi ISBN, nambala yozindikiritsa buku ya manambala 13, osati dzina lokha. Mabuku akuluakulu ena amasindikizidwa m'magawo awiri, ndipo mutha kulandira theka lolembedwa Part One mutalipira ngati lonse. Palinso timabuku ta anthu ena tongofupikitsa nkhani, tokhala ndi dzina lofanana. La chikuto cholimba ndi limene limayamba kutuluka ndipo ndi lodula, koma funsani ngati lilipo lalikulu la chikuto chofewa, lomwe nthawi zambiri amatulutsa limodzi ndi lolimbalo kuti ligulitsidwe m'maiko akunja. Laling'ono lotchipa limabwera patatha pafupifupi chaka. Ma PDF oyendayenda pa WhatsApp asiyeni. Wolemba sapezapo kanthu, ena amabwera ndi mavairasi, ndipo ena ndi abodza: mu 2007, buku lomaliza la Harry Potter lisanatuluke, pa intaneti panayenda zithunzi za buku lenileni pamodzi ndi nkhani zongolemba anthu wamba, ndipo ambiri analephera kusiyanitsa.

Tsopano masamu, poti apa m'pamene magulu ambiri amafera. Tinene kuti bukulo lili ndi masamba 720. Pa masamba 40 patsiku, munthu mmodzi atha masiku 18. Anthu 9 ndi masiku 162, miyezi yoposa isanu. Palibe chinsinsi chimene chingakhale miyezi isanu pa Luchenza.

Njira yake ndi yopweteka mtima kwa okonda mabuku, koma imathandiza: liduleni patatu. Izi zimatheka ndi la chikuto chofewa, lomwe masamba ake anamatidwa ndi guluu kumsana. Pezani pomwe mutu ukuyambira pafupi ndi tsamba 240 ndi 480, tsegulani bukulo mpaka guluu aoneke, ndipo dulani msana ndi lezala latsopano motsatira mzerewo, pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu. Mukakoka ndi manja masamba a m'mbali amathothoka. Chigawo chilichonse chiikireni chikuto cha katoni yopyapyala, mumate msana ndi selotepi yaikulu, mulembe 1, 2, 3. Aliyense asunge chigawo masiku 6 n'kupatsira wotsatira. Wachisanu ndi chinayi ayamba patatha masiku 48 ndipo amaliza pa tsiku la 66. Konzani mndandanda motsatira kumene anthu amakhala, kuti chigawo chisamakwere minibasi kupita ku Thyolo boma lero n'kubwerera ku Chonde mawa. M'nyengo ya chiperoni chiziyenda m'jumbo, koma chikafika kunyumba chitulutseni, chifukwa pepala lonyowa likatsekeredwa m'pulasitiki limachita nguwi. Mukamaliza nonse, omata mabuku atha kulilumikizanso.

Za WhatsApp, gulu limodzi silikwanira. Tsegulani ena atatu, lililonse la chigawo chake, ndipo munthu azilowetsedwa akabweza chigawocho. Pagulu lalikulu pazikambidwa za ndalama ndi za amene ali ndi chigawo chiti basi. Lamulo likhale lomveka kuti ngakhale kachithunzi kolira kapena mawu oti "mukafika tsamba 500 mundiimbire" n'kuulula. Ma admin akhale awiri, poti ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina aliyense, ndipo mmodzi akakhala m'kalasi wina aziona. Omaliza pamndandanda atuluke kaye m'magulu a Facebook a bukuli, ndipo asalifufuze dzina pa YouTube kapena TikTok, chifukwa mitu ya mavidiyo ndiyo imaulula kwambiri.

Awiri osayankhulanawo, aphunzitsi, mlandu wawo ndi wosavuta. Woululiridwayo akhale woyamba kulandira chigawo choyamba. Woululayo akhale womaliza, ndipo poti mathero akuwadziwa kale, ndiye amene apatsidwe ntchito yowerenga ndemanga khumi zija pa Goodreads. Lezala ndi selotepi agulenso iyeyo.