Yankho kwa Azakhali pa nkhani yogula kamera

Azakhali, uthenga wanu uja ndaumvera kawiri konse, ndipo ndaona kuti ndiyankhe pompano pa gulu kuti nayenso msuweni wanga amve yekha, chifukwa zambiri zimene ndinene zikukhudza iyeyo kuposa inu. Mwafunsa ngati kuli kofunika kumugulira kamera yaikulu tsopano, popeza pa maphunziro ake a utolankhani ndi zakanema aphunzitsi amupatsa ntchito yojambula kanema wa mphindi ziwiri wosonyeza mitundu yosiyanasiyana ya kajambulidwe, pomwe iye ali ndi foni yokha. Yankho langa ndi lakuti musathamangire kugula. Pa gawo limene wafika, aphunzitsi akufuna kuona ngati wophunzira akudziwa chifukwa chimene waikira kamera pamalo awa osati apo, ndipo luso limeneli munthu amaliphunzira pa foni mofanana ndi pa kamera ina iliyonse. Mu 2015, wopanga mafilimu wina dzina lake Sean Baker anatulutsa filimu yathunthu imene anaijambula ndi mafoni atatu a iPhone 5s, ndipo filimuyo inaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance ku America. Mafoni ambiri a masiku ano amajambula bwino kuposa amenewo.

Tsono iwe msuweni wanga, tchera khutu, chifukwa kuyambira pano ndikulankhula ndi iwe. Tiyerekeze kuti wasankha kujambula munthu amene akukonza njinga. Woonera kanema wako amakhala ndi mafunso m'mutu mwake ngakhale sawatchula, ndipo chithunzi chilichonse chimene ujambule chiyenera kuyankha limodzi mwa mafunsowo. Funso loyamba ndi lakuti, kodi tili kuti? Limeneli umaliyankha poima patali kuti munthuyo aoneke thupi lonse pamodzi ndi njinga yake ndi malo omuzungulira, ndipo m'kalasi mwanu amachitcha wide shot, kapena establishing shot ngati ndicho chikutsegula nkhani. Kenako woonera amafuna kudziwa kuti munthuyu ndani ndipo akuchita chiyani, choncho umasendera kuti aoneke kuyambira m'chiuno kufika kumutu, yomwe ndi medium shot. Ukasenderanso mpaka nkhope yokha kapena manja okha atadzaza chithunzi chonse, wafika pa close-up, ndipo ukajambula maso okha kapena zala zakuda ndi mafuta zikubwezera tcheni pa mano ake, imeneyo ndi extreme close-up. Uwonjezerepo china chojambulira kumbuyo kwa phewa lake, kuti woonera aone ntchitoyo ngati waima pambali pa mmisiriyo. Maina amenewa uwaloweze ndithu chifukwa adzabwera pa mayeso, koma chimene chidzakupatse malikisi pa ntchito iyi ndi kutha kufotokoza kuti unasendera pafupi pa nthawi yakutiyakuti chifukwa ndi pamene nkhope ya munthuyo inasintha, tcheni chitakana kulowa.

Pali chifukwa chimene ndikuchedwera pa close-up. Cha m'ma 1920, katswiri wina wa mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya wosewera Ivan Mozzhukhin, nkhope yosaonetsa chisoni kapena chimwemwe, n'kuchilumikiza koyamba ndi mbale ya supu, kachiwiri ndi bokosi la maliro, kachitatu ndi mayi wina. Zimanenedwa kuti oonera anamuyamikira wosewerayo kuti anaonetsa njala, kenako chisoni, kenako chikondi, chonsecho nkhope inali imodzimodziyo. Tanthauzo la chithunzi limachokera pa chithunzi chimene chili pafupi nacho. Choncho pamene ukujambula, uziganiza kale za nthawi yodula ndi kulumikiza pa kompyuta, ndipo uzidzifunsa kuti chithunzi ichi chidzatsatana ndi chiti.

Za kukwera ndi kutsika kwa kamera sindichedwapo. Kamera ikakhala pa msinkhu wa maso a munthu, woonera amamuona ngati mnzake wofanana naye. Ikakhala pansi n'kuyang'ana m'mwamba, munthuyo amaoneka wamphamvu kapena woopsa. Ikakhala pamwamba n'kuyang'ana pansi, amaoneka wamng'ono ndi wosowa pogwira. Palinso kupendeketsa kamera dala, kumene amakutcha Dutch angle, kosonyeza kuti zinthu sizili bwino m'maganizo mwa munthu. Ophunzira amakukonda kwambiri chifukwa kumaoneka kwachilendo, koma ine ndikulangiza kuti ukugwiritse ntchito kamodzi kokha, ndipo pokhapokha ngati nkhani ikufuna.

Pa foni yako pali poyatsira mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, imene imagawa chithunzi m'zigawo 9. Uyatse mizere imeneyo. Maso a munthu uziwaika cha pa mzere wopingasa wam'mwamba, thupi lake cha pa umodzi wa mizere yoimirira, ndipo mbali imene akuyang'ana uzisiyako malo aakulu, chifukwa munthu amene mphuno yake yagunda m'mphepete mwa chithunzi amaoneka ngati akulankhula ndi khoma. Pamwamba pa mutu usiye mpata wochepa chabe. Uziyang'ananso kumbuyo kwake usanayambe, kuopa kuti mtengo kapena mzati ungaoneke ngati wamera pamutu pake.

Tsopano ndifike pa lamulo limene limagwetsa ophunzira ambiri, lomwe ndi la madigiri 180. Anthu awiri akamacheza atayang'anizana, uganize kuti pali chingwe chosaoneka chochokera kwa mmodzi kupita kwa mnzake n'kupitirira mbali zonse ziwiri. Ukasankha mbali imodzi ya chingwecho, zithunzi zonse za macheza amenewo uzijambulire mbali yomweyo, kaya waima patali, kaya wasendera pafupi, kaya uli kumbuyo kwa phewa la mmodzi wa iwo. Ukatero, amene ali kumanzere adzakhala akuyang'ana kumanja nthawi zonse, mnzakeyo adzakhala akuyang'ana kumanzere, ndipo maso awo adzakumana ukadzalumikiza zithunzizo. Ukadumpha chingwecho, onse awiri adzaoneka akuyang'ana mbali imodzi, ngati kuti akulankhula ndi munthu wachitatu amene sakuoneka. Ine zinandichitikira pamene ndinkaphunzira: ndinaona kuti tsidya linalo kuwala kunali kwabwino, ndinasamukirako osaganiza kawiri, ndipo cholakwacho ndinachizindikira nditakhala kale pa kompyuta, anthu aja atabalalika. Mphunzitsi wathu sanakalipe, anangoonetsa kanemayo kalasi yonse kawiri n'kufunsa kuti, kodi awiriwa akangana? Lamuloli limagwiranso ntchito pa chinthu choyenda. Ngati njinga yachoka kumanzere kulowera kumanja m'chithunzi choyamba, ipitirize kulowera kumanja m'chithunzi chotsatira, apo ayi woonera aganiza kuti wokwerayo wabwerera. Akatswiri amaliphwanya lamuloli nthawi zina pofuna kusokoneza woonera mwadala, kapena amayenda ndi kamera kudutsa chingwecho woonera akuona, koma iwe uyambe walisunga.

Lili ndi mnzake wamng'ono, la madigiri 30. Ngati zithunzi ziwiri zotsatana zili za munthu mmodzi, kamera isunthe ndi madigiri osachepera 30 kapena kukula kwa chithunzi kusinthe moonekeratu, chifukwa kusuntha pang'ono kumachititsa munthuyo kuoneka ngati wanjanja. Mankhwala a vuto limeneli ndi kujambula tizithunzi tambiri tapambali, monga zipangizo zili pansi, gudumu likuzungulira, kapena mwini njinga akudikira, kuti udzakhale ndi zotsekera mipata pamene ukudula.

Pa kayendetsedwe ka kamera, udziwe kusiyanitsa pan, yomwe ndi kutembenuza kamera kumanzere kapena kumanja uli pamalo amodzi, ndi tilt, yomwe ndi kuiweramitsa kapena kuidzutsa, komanso tracking, pamene kamera yonse ikuyenda kutsatira munthu. Uyambe ndi chithunzi chokhazikika, usunthe pang'onopang'ono, ndipo umalize ndi chithunzi chokhazikikanso. Kukoka chithunzi ndi zala pa foni ukupewe, popeza nthawi zambiri foni imangodula mbali ya chithunzi n'kuikulitsa, ndipo zotsatira zake zimakhala zosaoneka bwino. Ngati ukufuna kukhala pafupi, yenda ndi miyendo yako. Kunena zoona, kanema wa wophunzira amene kamera yake siigwedezeka amaposa kale akanema ambiri a anzake. Ugwire foni ndi manja awiri, zigongono uzitsamize m'nthiti, kapena uyedzamire khoma. Chithunzi chilichonse uchisunge masekondi osachepera 10 ngakhale udzagwiritsa ntchito atatu okha. Foniyo uigoneke chopingasa kuti chithunzi chikhale cha 16:9 monga cha pa wailesi ya kanema, pokhapokha ngati aphunzitsi anena kuti akufuna choimirira, ndipo usasakanize ziwirizi m'kanema mmodzi.

M'kalasi adzakuphunzitsani za nyali zitatu: yaikulu yowalitsa nkhope kuchokera cha pambali, yachiwiri yofewetsa mithunzi imene yoyambayo yasiya, ndi yachitatu yakumbuyo yomulekanitsa munthu ndi khoma. Popanda nyali zimenezi ungathe kuchita zomwezo ndi zenera ndi pepala lalikulu loyera. Munthuyo akhale moti kuwala kwa pazenera kukumugwera pankhope cha pambali, ndipo mnzako agwire pepalalo mbali inayo kuti libweze kuwala. Usamukhazike zenera lili kumbuyo kwake, chifukwa foni idzayeza kuwala kwa panja ndipo nkhope idzada bii. Panja, dzuwa la m'mawa ndi la madzulo ndi lofatsa, pomwe la masana limasiya mithunzi m'maso. Ukakanikiza chala pankhope ya munthu pa sikirini kwa kanthawi, mafoni ambiri amatseka fokasi (malo amene akuoneka bwino kwambiri m'chithunzi) ndi kuwala kuti zisamasinthesinthe uli mkati mojambula. Uonenso kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. Mafilimu amajambulidwa pa 24, wailesi za kanema za ku Ulaya ndi maiko ambiri a mu Africa zimagwiritsa ntchito 25, ndipo ku America ndi pafupifupi 30. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30, ndiye m'maiko amene magetsi ake amayenda pa 50 Hz (kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi), nyali zina za m'nyumba zimaoneka zikuphethira m'kanema. Ngati foni ikulola, usankhe 25, ndipo usasinthenso mpaka ntchito ithe.

Chimene ophunzira amachiiwala kwambiri ndi mawu. Woonera amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akalephera kumva zimene zikunenedwa amasiya kuonera. Maikolofoni ya pa foni imatola bwino zimene zili pafupi, choncho ukaima patali kuti ujambule wide shot, mawu a munthuyo amamira m'mphepo ndi m'phokoso la magalimoto. Ubwereke foni yachiwiri, uiike pafupi ndi pakamwa pa wolankhulayo pamalo osaoneka m'chithunzi, ndipo ijambule mawu okha. Mafoni onse awiri akayamba, wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, kuti pa kompyuta udzagwirizanitse kulira kwa manjawo ndi chithunzi chimene manja akumana; imeneyi ndiyo ntchito ya kabolodi kaja kamene amakaomba pojambula mafilimu. Usanachoke pamalopo ujambulenso phokoso la malowo kwa masekondi 30 aliyense ali chete, lidzakuthandiza kubisa podula.

Ndibwerere kwa inu, Azakhali. Ngati mtima wanu ukufunitsitsa kumuthandiza ndi chinthu chogwirika, mugulireni choimikira foni cha miyendo itatu ndi kamaikolofoni kakang'ono kopanira pa kolala, chifukwa ziwirizi zidzasintha kanema wake kuposa mmene kamera yatsopano ingachitire. Nkhani ya kamera tidzaikambe akadzafika pophunzira za magalasi ake ndi kayezedwe ka kuwala, ndipo ayambe wafunsa ngati sukulu yawo imabwereketsa zipangizo kwa ophunzira. Iwe msuweni, upemphe chilolezo kwa aliyense amene adzaoneke m'kanema wako ndi kumuuza kumene akaonetsedwe, upukute galasi la foni, ndipo uone kuti batire ndi malo osungira zilipo zokwanira. Usanapite kukajambula, ulembe papepala mndandanda wa zithunzi zako, chilichonse ndi kukula kwake, poima kamera ndi chifukwa chake, ujambulenso chingwe chija pakati pa anthu ako awiri. Pepalalo ulitumize pano pa gulu kuti ndilione tsiku lojambula lisanafike.