Nthano zanuzo dzisindikizireni, koma yambani ndi mkonzi

Achemwali, mwafunsa ngati nthano zanu za Chichewa muzipereke kukampani yofalitsa mabuku kapena mudzisindikizire nokha. Ine ndikuti dzisindikizireni, koma ndalama yoyamba ipite kwa mkonzi, osati kumakina.

Kupita kumakampani ngati Dzuka kapena CLAIM kuli ndi ubwino wake: akalilandira buku, kukonza, chikuto, kusindikiza ndi kulifikitsa m'masitolo zimakhala zawo, inu n'kumalandira kagawo pa buku lililonse logulidwa. Vuto n'loti msika waukulu wa mabuku m'dziko muno ndi wa sukulu, ndiye buku lomwe silili pa silabasi limatha kudikira nthawi yaitali. Kachere ya kuno ku Chanco ndi yodalirika, koma mphamvu zake zili pa mabuku a zachipembedzo, mbiri ndi kafukufuku.

Mukasankha kudzisindikizira, dziwani kuti wosindikiza amasindikiza zomwe mwamupatsa, zolakwika ndi zomwe. Zimandipweteka mtima kutsegula buku la nthano zokoma n'kupeza "kwambiri" pamwamba, "kwambili" pansi pa tsamba lomwelo, mawu a anthu olankhula atasakanikirana ndi a wofotokoza. Wowerenga amalitseka, ndipo dzina lanu ndilo lili pachikuto. Pezani munthu wodziwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, mumulipire, osati mnzanu amene angokuyamikirani. A Centre for Language Studies, nthambi ya yunivesite yoona za ziyankhulo, ali konkuno ku Zomba, kafunseni kumeneko.

Nambala ya ISBN, yomwe imazindikiritsa buku lanu pakati pa mabuku ena onse, imatengedwa ku National Archives, konkuno, ndipo buku likatuluka lamulo limafuna kuti mukasiyeko kope. Za umwini wa ntchito yanu, kaonaneni ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso.

Osindikiza adzakuuzani kuti mukachulukitsa makope mtengo wa buku limodzi umatsika. N'zoona, koma yambani ndi makope 100 kapena 200. Makatoni osagulidwa akakhala kusi kwa bedi nyengo ya dzinja, chinyezi cha kuno chimawachititsa nkhungu, chiswe n'kumalizitsa. Musanalipire zonse, apempheni kope limodzi loyesera, mulitsegule pakati mwamphamvu. Masamba akathothoka, guluu wakeyo ndi wosalimba.

Kugulitsa kudzakhala kwa inu nomwe: aphunzitsi a Chichewa, kutchalitchi, magulu a WhatsApp, kulandira kudzera pa Mpamba ndi Airtel Money. Mukasiya mabuku m'sitolo kuti adzakulipireni akagulitsa, mulemberane chiwerengero chake ndi tsiku lodzatenga ndalama, nonse musaine.